Bokosi Lotentha la Felton

"Mukangomuika mwanayo m'bokosimo, ine ndikutenga chikwama changa lero lomwe. Za maliro ake mudzandiuze pa wailesi."

Ameneyo anali Priscilla, mdzukulu wanga wamkulu, ataima pakhomo pa nyumba ya chikuta, manja atatambasula ngati akuletsa mbuzi kulowa m'dimba. Amauza mayi ake omubala, mwana wanga Lenia. Ine ndinali pamphasa mkatimo, mwendo wanga wodwalawu nditauwongola, ndipo mumtima ndinati eya, lero kuli ntchito. Mikangano ya pabanja ine ndimaikonda, sindibisa. Koma wa tsiku limenelo unali ndi mwana pakati, ndiye ngakhale ine sunandikomere.

Mwanayo anali wa Eveline, mng'ono wake wa Priscilla. Anabadwa m'mawa womwewo miyezi isanakwane, kanthu kofiira, timiyendo ngati mitengo ya machesi, kulira kwake ngati kamphaka kali m'thumba. A Roza, azamba a m'mudzi mwathu, atangokaona anati kotereka sikafa ndi njala, kamafa ndi kuzizira. Ndipo kuzizira kunalipo. Mvumbi unali utagwira mapiri athu ano a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, chifunga mpaka pakhonde, mtsinje wa kumunsiku utameza kamlatho. Ku chipatala cha ku Boma kunalibe podzera, kaya pa ngolo kaya pa njinga.

Panja, pamvulapo, panali Felton, mwamuna wa Eveline, mkamwini wathu, atagwada pambali pa bokosi lake.

Bokosilo muyenera kulidziwa kaye. Felton ankakonza zinthu pa kachipatala ka mishoni ka kutsidya kwa mtsinje womwewo, masikelo, mabedi, miphika yowiritsira majakisoni. Anatopa kuona tiana tobadwa msanga tikufera m'njira. Ndiye anakhoma bokosi la matabwa, pamwamba galasi, pansi chitini cha madzi, pansi pa chitinicho nyali ya parafini. Akuti nyali itenthetse madzi, madzi afunditse mwana. Anataya nalo zaka munthu ameneyu. Anzake akupalira fodya, iye ali kho kho kho m'chigafa. Ine ndinkamuseka, poti mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wako ndithu, umamunena mmene ufunira. Ndinkati, "Amuna anga, inu ndi nyali mpaka liti? Pa voti ija munatilowetsa m'matipate ndi nyali, lero mukufuna kutiphikiranso ana ndi nyali?" Ife kuno tinavotera tambala, sitibisa. Iye ankangoseka, amvekere, "Agogo, mudzaona. Bokosili lidzafika m'zipatala zonse za kumidzi." A mpingo anali atamulonjeza kuti boma likangovomera, iye ndiye adzakhala wokhoma mabokosi onsewo.

Boma lakelo linali Priscilla. Mtsikana ameneyu anaphunzira mpaka ife tinatopa kumudikira, n'kulowa ntchito ku Lilongwe, mu ofesi ina imene zipangizo zopita m'zipatala zimayamba zadutsa m'manja mwake. Chiyambire matipate, akunja ankangotumiza makina, ena akufa kale, ndiye iye kuyesa, kenako kuvomera kapena kukana. Ine ndimati ntchito yake ndi kukana, poti ndi amuna omwe amene anamufunsira anawakana onse. Felton anapita nalo bokosi ku Lilongwe nthawi ya dzuwa, Eveline ali kale ndi pakati, n'kukakhalako milungu ingapo. Priscilla analiyesa, m'malo mwa mwana akugonekamo botolo la madzi lokulunga m'nsalu. Mapeto ake analikana. Mlamu wake weniweni. Felton anabwera nkhope ili gwa, n'kubwerera m'chigafa muja, akuti akukonza chimene chinalakwika.

Tsono Priscilla anabwera kudzadya Khirisimasi, mvula n'kumutsekera kuno. Ndi mmene anakumanirananso awiriwa, bokosi lili pakati.

"Choka pakhomopo," anatero Lenia. "Mwana akuzizira uyu. Tayang'ana milomo yake."

"Ndaiona, amayi. Mumuike pachifuwa pa mayi ake, khungu ndi khungu, mumumange ndi chitenje."

"Eveline akunjenjemera yekha ameneyu, afunditsa ndani?"

Felton m'chikuta sakanalowa, mwamuna salowamo, ndipo kwa apongozi ake sakanayankhula mwachindunji. Anakankhira bokosi pakhonde, nyali ili chiyakire, n'kuyankhula ndi msana wa Priscilla.

"Alamu, ndinakonza. Ndinaika paipi yotulutsa utsi, ndinaikanso kachitseko kotseguka kokha. Si lija munaliona lija."

"Ndaliyesa ine?"

"Ndaliyesa ndekha."

"Inu mumaliyesa mukufuna kuti likhoze. Ine sindinaliyese, ndiye sindikulidziwa."

"Ndi mwana wanga uyu, alamu."

"N'chifukwa chake simukuona bwino."

Apo Lenia anaphulika. Mwana wanga uyu pakamwa anatengera ine, koma alibe mchere, amangowawa basi. "Iwe wabereka angati kuti utiphunzitse za ana? Pano si pa ofesi pako. Unamukanira ntchito mwamuna wa mng'ono wako, lero ukufuna umukanirenso mwana? A Roza, munyamuleni."

A Roza anamunyamula mwana m'tinsanza take. Priscilla anayamba kufotokoza za madigiri, za chingwe cha nyali chimene chimakwera chokha, za kagalasi koyezera kutentha, koma ndani ankamva? Lenia anali atamugwira kale mkono kumukokera pambali. Ndiye mtsikana uja anasiya za sukuluzo, n'kunena mwachidule.

"Amayi, zinthu za alamuwa n'zotentha. Zimupha mwanayu. Ndinaona ndekha ku Lilongwe."

A Roza anabwerera m'mbuyo ndi mwana ngati aona njoka pakhonde.

Kwa ana a masiku ano mawu amenewo ndi a madzi a tiyi. Kwathu kuno, pakhomo pa chikuta, munthu wotentha ndi amene wagona ndi wina. Mwamuna, mkazi wake ali ndi pakati kapena mwana akadali wakhanda, akapita kwa mkazi wina amabwerako ndi moto umenewo. Chimene wagwira chimatentha, mwana amadulika, amatupa, n'kupita. Tonse ndife a mpingo, Lenia amavala ndi yunifolomu ya chigwirizano yomwe, koma za mdulo palibe anazisiya. Komanso chiyambire m'mawa Lenia ankang'ung'udza kuti mwana sabwera msanga popanda chifukwa.

Lenia anamusiya mkono Priscilla. Mawu anatsika.

"Unaona ndi maso ako?"

"Ndi maso anga, amayi."

"Kamodzi?"

"Osati kamodzi. Masana zimaoneka bwinobwino. Koma anthu akangochoka, mawindo atatsekedwa, zimayamba."

Ine ndinagwira pakamwa. Ndipo chitsiru changa Felton panjapo, m'malo mokhala chete, chinakweza mawu.

"Ndikuvomera. Ku Lilongwe zinachitikadi, sindikukana. Koma kanali kangapo kokha, ndipo chibwerere kuno sizinachitikenso. Ndinasintha."

Kungodya ya nyumba kunamveka kaphokoso. Anali Eveline. Sanalire mokweza, analibe mphamvu, anangotembenukira kukhoma.

Lenia anatuluka. Chikwatire Felton pakhomo pano, awiriwa anali asanayang'anepo m'maso, akakumana panjira wina ankalowa m'tchire. Tsiku limenelo anamuimira pamaso penipeni, mvula ikumuyenderera m'khosi.

"Ndani?"

Felton anayang'ana pansi, chipewa chili m'manja. "Pepani amayi, ndani chani?"

"Mkazi wako wa ku Lilongwe. Mwana wanga akusanza kuno ndi mimba yako, iwe uli m'tauni ndi bokosi paphewa ukusaka mahule. Ndi uyu mwana wamugwetsa masiku asanakwane. Tsopano wabwera kudzamumaliza?"

Ndinaona nkhope ya Felton ikusintha.

"Mkazi? Amayi, ine ndikunena za nyali. Za madzi a m'chitini. Alamu akunena bokosi."

"Tsopano wasanduka nyali mkaziyo."

"Alamu, auzeni. Auzeni kuti mukunena bokosi."

Priscilla anali ataima chilili, maso ali tong'o. Mtsikana ameneyu anakulira m'masukulu ogonera konko, zakwathu zina anaziiwala. Apo m'pamene zinamubwerera. Anali pafupi kuyankha, ndinaona ndi maso anga milomo ikuyamba, koma a Roza anamutsogolera.

"Nena bwino, mwanawe, nthawi ikutha. Ngati ukunena bokosi chabe, imeneyo si nkhani. Tichepetsa nyali, timuike mwana, ndiziyang'anira ndine. Koma ngati ukunena munthu, bokosilo lisayandikire pano."

Priscilla anayang'ana mlamu wake. Anayang'ana mng'ono wake kukhomako. Kenako anayang'ana kanthu kaja m'manja mwa a Roza, kali ndi milomo yobiriwira.

"Ndanena zimene ndinaona," anatero. "Musandifunsenso."

"Alamu," anatero Felton. Mawu amodzi okhawo.

Priscilla sanacheuke. Analowa, n'kutenga mwana, n'kumumasula tinsanza tonse. Anamutembenuza Eveline, n'kumutsegula pachifuwa, n'kumugoneka mwana pakati pa mabere, n'kuwamanga onse awiri ndi chitenje, pamwamba bulangete, pamwamba pake juzi yake ya ku Lilongwe. Lenia panja anatenga munsi kuti akankhire bokosi kumatope, poti ndi manja sakanaligwira, koma Felton analikumbatira n'kulinyamula yekha kupita nalo kuchigafa.

Masiku otsatirawo sindikuwafunira ngakhale mdani wanga. Mvula sinaleke. Felton anagona m'chigafa, pansi pa fodya, ndipo nyali ija sanaizimitse. M'mawa uliwonse ankabwera n'kuima patali, pafupi ndi nkhokwe, n'kunena kwa aliyense wodutsa, "Muwauze kuti bokosi ndi lofunda. Likudikira." Lenia ankamuponyera madzi otsukira mbale. Koma a Roza ndinkawaona, maso awo ankapita kuchigafa mwana akayamba kufooka. Priscilla nayenso ankawaona. N'chifukwa chake sankachoka m'nyumbamo, ngakhale kukasamba.

Mwana sankatha kuyamwa. Priscilla ankamukama mng'ono wake n'kumadontheza mkaka ndi kasupuni, dontho, dontho. Eveline akatopa, pankafunika chifuwa china. Lenia anati amutenge, koma anali ndi chifuwa chokhosomola. Changa ine n'chikopa chokhachokha. Priscilla anayamba kumasula bulauzi, a Roza n'kumugwira dzanja.

"Iweyo ndiwe wozizira?"

"Musavutike, a Roza," ndinatero ine. "Ameneyu ndi wozizira chibadwire. Mwamuna akamuyandikira amagwidwa chimfine."

Palibe anaseka. Anthu a m'banja langa sadziwa nthabwala yabwino.

Choopsa chinali Eveline. Sankadya. Ankangoyang'ana denga, kenako n'kufunsa ndi mawu aang'ono, "Achemwali, ndi wooneka bwanji?"

"Imwa phala, Eveline."

"Ndi woyera? Amagwira ntchito mu ofesi mwanu?"

"Imwa phala. Ukapanda kudya mkaka uuma."

"Munadziwa nthawi yonseyi, munabwera n'kumadya naye mbale imodzi ya ndiwo, osandiuza."

Priscilla ankangosuntha kasupuni.

Masana ena mwana anasiya kupuma. Anali pachifuwa pa Priscilla, ine ndili pafupi, ndinaona kamimba kaima. A Roza anadzuka n'kulunjika pakhomo, ndipo ndikudziwa kumene ankapita. Priscilla anati, "Khalani pansi." Anamusisita mwana kumsana ndi chala, n'kumutsina kuphazi. Palibe. Anamutsinanso. Lenia anali atayamba kale nyimbo ya maliro pakhosi. Kenako kanthu kaja kanakoka mpweya, n'kulira ngati kamphaka kaja. A Roza anakhala pansi, koma anati, "Zikachitikanso ndikukatenga bokosi, kaya ndi lotentha kaya." Priscilla anamufungatanso mwana pachifuwa. Thukuta linali chuchuchu m'kuzizira konse kuja.

Tsiku limenelo ndinadzikoka ndi ndodo mpaka kuchigafa. Ndinamupeza Felton atakhala pa chitsa, ndevu zitamera, akuyang'ana kagalasi kake koyezera.

"Agogo, taonani. Sikakusuntha. Chiyambire tsiku lija kali pomwepa."

"Ine sindiwerenga, amuna anga."

"Koma ine mukundidziwa."

"Ndikukudziwani kuti ndinu mwamuna. Zinazo anaona ndi a ku Lilongwe."

Anandiyang'ana ngati ndamulasa. Ndinamusiyira chimanga chowotcha n'kubwerera.

Dzuwa litatuluka, mtsinje unaphwa mpaka matabwa a kamlatho anaoneka. Felton anamanga ng'ombe pa ngolo popanda womuuza. Tinamukweza Eveline ndi mwana pachifuwa, Priscilla pambali, Lenia ndi a Roza. Ine anati nditsale chifukwa cha mwendo. Ndinati mundinyamule, za lero sindikufuna kudzazimva pakamwa pa Lenia, amachotsa zokoma. Njira yonse ya ku Boma, matope mpaka m'maondo a ng'ombe, Felton anayenda pansi kutsogolo.

Ku chipatala anamwino anamulandira mwana n'kulowa naye, Eveline akutsatira. Patapita kanthawi mmodzi anatuluka n'kunena kuti mwana ndi wamng'ono koma ndi wofunda, akupuma, akhala naye. Ife tinali pakhonde. Felton anali pansi pa mtengo ndi ng'ombe zake. Priscilla anamuitana ndi dzanja, n'kupempha kuti Eveline abwere pawindo.

"Amayi, a Roza, Eveline. Alamu alibe mkazi ku Lilongwe. Ankagona pa benchi kwa mlonda wa ofesi yathu, pafupi ndi bokosi lawo. Ine ndinkanena bokosi. Linkatentha kupitirira muyezo, botolo la madzi ndinkalipeza losagwirika. Za munthu sindinaone chilichonse."

Lenia anayamba kuseka, kuseka koipa. "Wakunyengerera eti? Wakulonjeza chani?"

"Palibe. Ndikananena tsiku lija, mukanamuika mwana m'bokosi."

Eveline anagwira zitsulo za pawindo. "Ndinkakufunsani, achemwali. Ndinkakufunsani tsiku ndi tsiku. Munkandiona ndikulira."

"Ndinkakuona."

"Mukanandinong'oneza ine ndekha."

"Ukanawauza. Ukanafuna kumuyeretsa mwamuna wako, ndipo sindikanakuimba mlandu."

Felton anali atafika pamasitepe. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, zikanatha msanga. Anafunsa pang'onopang'ono ngati akufunsa njira.

"Alamu, ndiuzeni chimodzi. Likanamupha?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa."

"Mwina munakonzadi. Mwina likanamufunditsa bwino kuposa chifuwa changa. Koma sindinaliyese, alamu, ndipo woyamba kugonamo sakanakhala mwana wa Eveline. Bweretsani ku Lilongwe, ndiliyesa mwezi wathunthu. Likakhoza ndisaina ndi dzanja langa."

"Mudzi wonse ukunditcha wachigololo. Akulu a mpingo amva kale. Apongozi anga andithira madzi a mbale pamaso pa ana. Zonsezo chifukwa cha chinthu chimene simukuchidziwa."

"Eya," anatero Priscilla.

Felton anavala chipewa chake n'kubwerera kwa ng'ombe.

Mwana anakhala moyo. Ndi uyo akuthamanga lero lino, wamakani ngati onse a mtundu wanga. Koma sakuthamangira pabwalo langa. Atangotuluka m'chipatala, Felton anatuma ankhoswe ake kudzanena kuti pakhomo pamene anathiridwa madzi a mbale sangakhalepo, akutenga mkazi ndi mwana kupita kwawo ku Chisepo. Eveline anapita, sanacheuke. Bokosi analitengera komweko, ndipo ku Lilongwe silinapitenso. Ndimamva kuti amasungiramo anapiye, ndipo a mpingo aja ntchito ya mabokosi anaiiwala.

Lenia mpaka lero amati mkazi wa ku Lilongwe analipo, Priscilla anangobisa pofuna kusunga ukwati wa mng'ono wake. Ndiye Lenia samutchula Felton ndi dzina lomwe. Koma ndi Priscilla yemwe, Lenia samuyankhulanso, akuti kaya linali bodza loyamba kaya lachiwiri, limodzi mwa awiriwo ndi limene linamuchotsera mwana pakhomo. A Roza anasiya kupatsana moni ndi Lenia, akuti anawachititsa manyazi pa ntchito yawo, ngakhale ine sindikuona kuti manyazi ake ndi ati. Priscilla amatumiza timadiresi ku Chisepo. Eveline amamuveka mwana timadiresito, koma mkulu wake akabwera pa maliro, Eveline amakhala mbali ina ya bwalo, ndipo mawu ake omaliza kwa iye ndi aja a pawindo. Felton akakumana ndi Priscilla amavula chipewa, n'kudutsa.

Ine onse ndimawayankhula. Koma Felton, amuna anga aja, amandipatsa moni wa alendo, wa "muli bwanji agogo" basi, ndipo ndikamuputa sayankha.